Lenti ya Chimanga Chachiwisi

Fungo la chimanga chowotcha pamsika wa Lundazi limandiutsabe mkwiyo Lenti ikafika.

Ndinali wamng'ono, ndikukhala ndi agogo ku Kapichila makolo anga atamwalira. Lachitatu la Phulusa, akatekisiti anatiimika ana tonse kutsogolo kuti aliyense anene chimene asale masiku makumi anayi. Ana a alimi a fodya anati shuga, ena nyama. Ine ndinangotsatira anzanga.

"Ndisala shuga."

"Iwe, shuga unamuona liti?" anatero akatekisiti, anthu onse n'kuseka. "Mulungu safuna bodza. Sala chimene uli nacho."

Inali miyezi ya njala, tinkadya kamodzi patsiku. Chimene ndinali nacho chinali chimanga chachiwisi, chomwe chinali chitangoyamba kukhwima kumunda kwa agogo, choncho ndinalonjeza kusala chimenecho. Ndinaganiza kuti ndikavutika kwambiri, Mulungu akawauza amayi kuti anasiya mwana wabwino.

Agogo atawotcha choyamba, ndinabisa manja kumbuyo. Chinkathetheka pamakala, malovu atadzaza m'kamwa.

"Mwana wane, idya," anatero.

"Ndasala, agogo. Ndinalonjeza m'tchalitchi."

Anachipereka kwa mwana wa m'nyumba yoyandikana. Iwo sakanadya ine ndikuyang'ana. Tinapitiriza ndi nkhwani wopanda nsinjiro mpaka Pasaka, nkhalamba ikugwa ndi chizungulire popalira, chimanga n'kuumira m'munda.

Ndakula, ndimapempherabe, koma sindinamukhululukire munthu amene anafuna nsembe kwa anthu omwe njala inali itawasalitsa kale.