Dziwe la Kuseri kwa Mpanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinapita ku Dubai kukaona amayi anga, ndipo ulendo wa masabata awiri unasanduka wa miyezi isanu. Ndege zinaima ndili komweko chifukwa cha mliri wa korona. Anzanga a ku Chilinde mpaka lero amati ndinali ndi mwayi. Sadziwa kuti Dubai imene ndinaiona ine inali khitchini, kachipinda ka amayi kumbuyo kwa nyumba, ndi mpanda woyera wotalika kuposa munthu wamkulu.

Amayi anali atagwira ntchito zaka zinayi kwa banja la ku Canada ku Jumeirah, dera lina la mumzindamo. Ankaphika, kuchapa ndi kulera Sophie, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kamene kanali ndi mphumu. Ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa ine ndi ang'ono anga awiri kwa azakhali ku Lilongwe, ndipo amayi ankaisamala ngati dzira. Bambo wa m'nyumbamo, a Daniel, ndi amene anandigulira tikiti. Anali munthu wamtali, wofatsa, wofulumira kupepesa ngakhale pamene inuyo ndi amene mwawaponda.

Koma abale, malamulo! Boma litalengeza kuti munthu asatuluke popanda chilolezo chopempha pa foni, a Daniel anasindikiza malamulo onse n'kuwamata pa filiji. Ankapempha chilolezocho ngakhale pokagula buledi pa golosale imene tinkaiona titaima pageti. Tsiku lina ndinawasuzumira pawindo la m'mwamba akubwerera pa galimoto yawo. Msewu wonse unali zii, wopanda galimoto ina, wopanda wapolisi, wopanda ngakhale mphaka, koma iwo anaimabe pa chikwangwani cholamula kuima, n'kuyang'ana uku ndi uku asanakhote. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinafunsa amayi ngati mutu wa bwana wawo unkagwira bwino.

"Kwawo amatero," amayi anandiyankha. "Akuti lamulo ndi pangano la anthu onse. Iwe tseka pakamwa, usende anyezi."

Kuseri kwa mpanda kunali dziko lina. Kunkakhala banja la ku America, ndipo bambo wake, a Rick, anali ndi mawu omveka mpaka kumsewu. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anali woseka ndi aliyense, wopatsa mopanda kuwerengera. Kungoti iwo ankati pakhomo pawo ndi pawo, palibe boma limene lingawauze woyenera kulowa pageti pawo. Lachisanu lililonse masana ana a m'nyumba zoyandikana ankazembera kumeneko kudzera pa kanjira ka kumbuyo. Ine ndinkangomva phuvu! m'dziwe losambira, kuseka, nyimbo, ndi fungo la nyama yowotcha likudumpha mpanda. Mbali yathu ino ya mpanda ndinali ndikusewera ludo ndi Sophie, manja akununkha sanitaiza.

Nsanje inandidya, ndipo ndikunena mosabisa. Ndinkachitira nsanje ana amene sindinkawadziwa nkhope. Ndinkachitira nsanje ngakhale galu wawo, chifukwa nayenso ndinkamumva akugwera m'madzi. Koma munthu amene ndinkamuchitira nsanje koposa anali Anti Esinati, mayi wa ku Mchinji amene ankagwira ntchito m'nyumba imeneyo. Iwo ndi amayi ankacheza pakona ya mpanda, aliyense atakwera pa chidebe kumbali kwake, ine ndili pansi makutu tcheru.

"Ife kuno khalas, nkhani inatha, za lokidauni sitizidziwa," ankatero Anti Esinati, magalasi adzuwa ali pamphumi. "Madamu akuti ine si wantchito, ndine wa m'banja. Ndimadya nawo pa tebulo, amake Yankho. Foni iyi anandipatsa ndi iwowo."

Tsiku lina tikupinda zovala ndinalephera kupirira. Ndinafunsa amayi chifukwa chake iwo sanapeze azungu ngati a Anti Esinati, m'malo mwa awa oopa chithunzithunzi chawo chomwe. Amayi anapindanso malaya amene anali atapinda kale, ndipo ndinadziwa kuti ndawalasa pamtima, koma sindinapepese.

Mpata unabwera ndi mbale. Pa Pasaka Anti Esinati anatipatsira zitumbuwa pamwamba pa mpanda, ndipo kwathu mbale ya mnzako suibweza yopanda kanthu. Lachisanu lotsatira amayi anakazinga usipa umene ndinawabweretsera kuchokera kumudzi, anauika m'mbalemo n'kuvindikira.

"Kakwere pa chidebe uwapatsire," anatero. "Pamwamba pa mpanda, wamva?"

Ndinamva bwinobwino. Koma nditafika pakona paja, madzi akuphulika kuseriko, mtima unayamba kundiphunzitsa mwambo. Kodi mwana woleredwa bwino amapereka chakudya kwa wamkulu atakwera pa chidebe, ndi dzanja limodzi? Si mwano umenewo? Amapereka ndi manja awiri, atanyonyomala. Sindinakhalepo wolemekeza mwambo ngati tsiku limenelo. Ndinatsegula kageti ka kumbuyo pang'onopang'ono, n'kuyenda masitepe khumi a m'kanjira kaja mbale ili patsogolo ngati chilolezo changa.

Anti Esinati anaseka atandiona. A Rick anali pa mbaula yowotchera nyama, ndipo anandikodola ndi chifoloko chachikulu, akufunsa ngati ndimadziwa kusambira.

"Yalla, fulumira, lowa," Anti Esinati anandinong'oneza. "Amako sakukuona."

Anandibwereka zovala zosambira za mwana wamkazi wa a Rick. Madziwo anali ozizira, oyera mpaka pansi, ndipo ndinaiwala dzina langa. Tinathamangitsana, tinamwera botolo limodzi, ndinadya nyama mpaka mafuta kuyenderera m'zigongono. A Rick ankatsokomola pafupipafupi n'kumanamizira utsi. Ndinakhalako ngati ola limodzi, ndipo ndivomere kuti pa miyezi isanu yonse ija, ola limenelo ndi limene ndinasangalala koposa.

Amayi sanafunse kanthu nditabwerera. Anangondigwira tsitsi, n'kupeza malukidwe ali chinyontho, akununkha mankhwala a m'dziwe. Ananditsina pantchafu mpaka ndinaona nyenyezi, koma osakweza mawu, chifukwa a Daniel anali pakhonde. Kenako anandiuza kuti ndisauze munthu aliyense, ndipo ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Patapita masiku anayi, Anti Esinati anaitana amayi pampanda m'mawa, magalasi aja palibe. A Rick anali atawapeza ndi korona.

"Bwana akuti aliyense amene anabwera akhale chete," anatero motsitsa mawu. "Musaulule, amake Yankho. Mukaulula akuthamangitsani inuyo, ndipo ife kuno tilowa m'mavuto. Mwana ali bwinobwino, si uyu?"

Amayi anatsika pa chidebe n'kukhalapo pomwepo. Ankadziwa kuti masiku anayi onsewo ndinali ndikuwerenga buku limodzi ndi Sophie, mitu itagundana. Ankadziwanso kuti akatsegula pakamwa, chakudya cha ana atatu chikhoza kutha tsiku lomwelo, iwo ali m'dziko la eni, ndege zitaima. Ndiyeno anadzuka, anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kundigwira pamkono.

A Daniel anali pakhonde ndi laputopu yawo. Amayi anaima patali, anagwada pa matailosi, ndipo ine ndinagwada pambali pawo. Anafotokoza zonse m'Chingerezi chawo chodukaduka, koma anasintha chinthu chimodzi: anati iwo ndi amene anandituma kudzera pageti. A Daniel anatseka laputopu.

"Yankho," anatero, "amayi ako ndi amene anakuuza kuti ulowe kumeneko?"

Ndinayang'ana amayi, koma iwo anali atayang'ana pansi. Ndinapukusa mutu. Ndinanena kuti anandiuza kuti ndipereke pamwamba pa mpanda, kuti ndinapita ndekha chifukwa ndinkafuna kusambira, ndipo pofika pamenepo ndinali ndikulira ngati kamwana.

Sindinaonepo munthu akufiira nkhope chomwecho. A Daniel anadzuka, anayenda mpaka kumapeto kwa kapinga, n'kuima atatifulatira, manja ali m'mutu. Ndinkamva Sophie akuimba m'chipinda cha m'mwamba. Atabwerera, amayi anafunsa ndi mawu aang'ono ngati ayambe kulongedza katundu.

"Agnes, dzukani chonde," anatero a Daniel. "Ndakwiya, sindikubisirani. Mwana wanga akadwala sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani bwanji. Koma kontilakiti yanu ndinasaina ndine, ndipo mulibe mawu akuti ndikakwiya muchoke. Mkwiyo wanga si lamulo."

Kenako anatenga foni n'kuimbira a zaumoyo ife tikumva. Anatchula dzina lawo, nambala ya nyumba, n'kunena kuti mwana wa m'nyumba mwawo anatuluka popanda chilolezo ndipo anakhudzana ndi wodwala. Atafunsidwa kumene ndinapita, sanabise. Amayi ankawayang'ana pakamwa pali yasa. Kwathu munthu sadziitanira yekha boma pakhomo.

Anabwera anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kutiyeza tonse. Palibe amene anapezeka ndi matendawa. Ndinaganiza kuti ndamasuka, koma a Daniel anati malamulo akuti masiku khumi ndi anayi, ndipo ndinakhaladi m'kachipinda ka amayi masiku khumi ndi anayi osachotserapo ola. Chakudya ankandisiyira pakhomo. Kuseri kwa mpanda kunali zii. Tsiku limodzi lokha ndinamva a Rick, atayamba kuchira, akukalipa cha kumpanda kuti anthu a ku Canada amagwadira boma ngati Mulungu, munthu n'kumaneneza mnansi wake. A Daniel anangoti akusangalala kumva kuti akupeza bwino.

Ndege zitayamba kuuluka pang'onopang'ono, banja la a Rick linabwerera kwawo. Sindikudziwa ngati nkhani yanga ndi imene inawafulumizitsa, ndipo funso limeneli limandivutabe. Pamenepo m'pamene zinadziwika kuti Anti Esinati analibe mapepala. A Rick anawatenga ali ndi viza ya mlendo, n'kuwauza kuti zamapepala n'zovutitsa za boma, adzazikonza mtsogolo, chofunika n'chakuti ndi wa m'banja. Zaka ziwiri zinatha choncho. Pochoka anawakumbatira akulira, anawasiyira masutukesi awiri a zovala, koma nyumbayo inali ya lendi ndipo inayenera kutsekedwa.

Amayi anapempha a Daniel kuti mnzawoyo agoneko m'kachipinda kathu. Iwo anakana, ati kusunga munthu wopanda mapepala n'kulakwira lamulo. Tsiku limenelo ndinawada ndi mtima wanga wonse. Chimene anachita n'kulemba pa pepala ofesi imene Anti Esinati akanapita kukakonza zobwerera kumudzi, n'kuwaitanira takisi yopita ku Naif, kumene amayi ena a kwathu ankagona ambiri m'chipinda chimodzi.

Anti Esinati anaima kunja kwa geti atavala masiki, ife tili mkati. Ndinawauza kuti ndinkafunitsitsa amayi akanagwira ntchito kwa a Rick. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena zimenezo, mwina ndinkafuna kuwasangalatsa.

"Iwe mwana, unkaona ngati ine ndili pabwino?" anatero. "Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuwachitira nsanje amakowa. Iwo akadwala amatenga khadi n'kupita kuchipatala. Ine ndikamva galimoto ya polisi mumsewu ndimakabisala m'bafa."

Takisi inafika, ndipo amayi anawanyamulira sutukesi imodzi mpaka pamzere wa geti, osaudumpha.

Sindinapiteko ku Canada kapena ku America, choncho sindinganene za mitundu yonse ya anthu. Ndimangodziwa nyumba ziwiri zogundana mpanda. Ina inali ndi chikondi chambiri ndi kuseka, ina inali yozizira ndi youma pakamwa, moti mpaka lero ndikakumbukira mmene anakanira Anti Esinati pogona, mtima umandiwawa. Koma pano ndakula, ndayamba kugwira ntchito kwa anthu, ndipo ndikumvetsa chimene amayi ankachidziwa kale pamene ine ndinkawanyoza. Kwa munthu wamphamvu, lamulo ndi chinthu chongomutopetsa, ndipo akhoza kulidumpha n'kukagona tulo tabwino. Wosauka alibe china chomugwira bwana dzanja tsiku limene wakwiya kapena wafuna kuchoka.

Amayi akadali m'nyumba ija, ndipo mng'ono wanga wotsiriza akumaliza sekondale chaka chino. Nambala ya Anti Esinati inasiya kulowa chaka cha mliri chomwe chija. Palibe amene akudziwa ngati anafika ku Mchinji, ndipo nthawi zina ndimaiimbabe.