Thelere la alamu pa mlandu wa kondaine

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa kwa Makhuwira monga nkhoswe. Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho ndinakwera kabaza dzuwa likuswa mtengo.

Mng'ono wanga Zuze anali atalongedzetsa kale katundu mkazi wake, mayi a Tereza. Mlandu wake? Akuti amamuthirira kondaine m'ndiwo. Umboni anali nawo m'botolo: madzi ofiira ochokera kwa sing'anga wina wa kutsidya kwa Shire. Akuti madziwo akasintha mtundu, ndiye kuti m'ndiwomo muli mankhwala.

"Achimwene, onani nokha," anatero Zuze.

Anathira madziwo m'kapu n'kuponyamo sipuni ya thelere la alamu. Nthawi yomweyo madziwo anada n'kubiriwira ngati ndere. Anthu anagwira pakamwa. Alamu anangoweramitsa mutu, ndipo ine mtima unandiwawa.

Ndinanunkhiza botololo, kenako n'kulawa. Chidede! Chomwechi chimene timabzala m'mphepete mwa munda.

Ndinapempha aneba kuti awiritse chidede chawo, tiyeze mudzi wonse mwachilungamo. Bwemba linafiiritsa madzi kwambiri. Ndimu chimodzimodzi. Koma chidulo cha phulusa, chimene mayi aliyense kuno amafewetsera thelere, chinawabiriwitsa. Soda naye anagwidwa. Sopo amene Zuze amasambira anapezeka mfiti yotheratu.

Chidede sichidziwa za chikondi, abale anga. Chikakumana ndi chowawasa chimafiira, chikakumana ndi za mtundu wa phulusa chimabiriwira. Kusukulu amati asidi ndi mnzake wotsutsana naye. Tinaphunzira tonse, kungoti ena tinasiya nzeruzo pa mayeso pomwepo. Sing'anga uja ndiye anamvetsera bwino m'kalasi.

Ndiye taganizani: kodi ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuno ilipo nyumba yopanda thelere la chidulo? Botolo limeneli likanayenda khomo ndi khomo, ife ankhoswe tikanalemba antchito.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti amuna ife sitikayikira mkazi akamatinyoza. Timakayikira akamatisamala. Zuze anayamba kudandaula ataona kuti masiku ano akumafulumira kubwerera kunyumba, ndiwo zikumukomera, anzake a kumowa akumuseka. Mwamuna kukonda pakhomo pake? Ayi, payenera kukhala mankhwala.

Zuze anakanda m'mutu. "Basi mayi a Tereza, masulani katunduyo. Mlandu watha."

Alamu anadzuka, n'kumanga bwino chitenje. Anayang'ana ine, osati mwamuna wawo.

"Alamu, mwachita bwino. Koma ana onsewa ndabereka muno, munthu n'kukhulupirira botolo kusiya ine? Ndikapume kaye kwa amayi. Akandifuna akabwere yekha ndi pakamwa pake."

Anasenza katundu yemwe uja n'kulowera njira ya kwawo.

Dzulo Zuze anandiimbira foni. Akuti wayesa kuphika yekha thelere, lalimba ngati udzu, ndipo tulo sakulipeza.

"Achimwene, kodi si mankhwala amenewa?"

Ndinamuuza kuti awiritse chidede, adziyeze.