Maola Anayi a Che Aufi

"Usadzakwere njinga za anyamata, zimapha," mayi anandichenjeza motero ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, titangobwerera ku Ngauma kuchokera ku Malawi. Ankakhulupirira Che Aufi okha, wogulitsa nsomba zouma. Anyamata ankafika ku Mandimba m'maola awiri, Che Aufi m'maola anayi. Mayi ankati munthu wochedwa chonchi ndiye wosamala.

Tsiku lina mng'ono wanga Rosa anatentha thupi. Mayi anali oyembekezera, choncho anandiberekesa mwanayo n'kundikweza kumbuyo kwa Che Aufi kuti tipite kuchipatala ku Mandimba.

Sitinapite patali, anaima pansi pa mtengo wa mango pomwe amuna ankasewera bawo.

"Bambo, mwana akutentha," ndinatero.

"Kamodzi kokha, mwanawe. Uyu anandidya dzulo."

Ndinakhala pamuzu, mpweya wa Rosa ukundiwotcha pakhosi, njere zikulira m'maenje. Anaimanso kwina kawiri. Kenako anayang'ana dzuwa, n'kunena kuti gwiritsa.

Njinga ija inalibe mabuleki, ankaimitsa ndi chidendene. Pamtsetse mitengo inkadutsa ngati yaponyedwa, dengu la nsomba likundigunda m'mawondo, ine ndikungoganiza za mutu wa Rosa. Kumunsi tinalowa mumchenga. Ndinadzigwetsa chafufumimba kuti ndisamuphwanye. Dzino langa lakutsogolo linatsala pomwepo.

Tinafika, Rosa analandira mankhwala, ndipo ali moyo mpaka lero ku Cuamba. Mayi atamva kuti ulendo unatenga maola anayi monga mwa masiku onse, anati dzinolo ndinaliswa ndi chibwana changa.

Chaka chatha mdzukulu wanga Amelia anandionetsa chojambula cha kusukulu: nthawi m'munsi, mtunda m'mbali. Mzere wina unali wowongoka. Wina unkagona, n'kudzuka chilili, n'kugonanso, koma yonse iwiri inkathera pamodzi.

"Wowongokawu ndi liwiro la ulendo wonse mukaugawa mofanana, agogo. Pogona apa munthu waima. Podzuka chilili apa ndiye akuthamanga zenizeni."

Ndinaloza pogonapo. "Apa ndi pa bawo."

Mayi ankangodziwa nthawi yonyamukira ndi yofikira. Zapakati sankaziona. N'chifukwa chake woyendetsa shapa, minibasi ya kwathu kuno, akati amafika bwino, ine sindimumvera. Ndimafunsa amene anakhala kumbuyo.

Amelia amabwera mwakamodzikamodzi, ndipo miyendo yayamba kundikana. Mukamadutsa kuno ku Mandimba, dzandizondeniko. Mugogode katatu, munene dzina lanu ndi la mayi anu, musanakankhe chitseko. Ine sindikhulupirira munthu chifukwa choti wangofika.