Zitsa za Mayi Faines

Mukafunsa munda wa mayi Faines Mwale kumtunda kwa Malomo, anthu sachedwa kukulozerani: "Ndi uko kuli tchire uko." Amatero akuseka, ndipo eni akewo amadziwa kuti amasekedwa. Alibe nazo ntchito.

Mayiwa anakulira paphiri lomweli likadali ndi mitengo. Anaiona ikutha, ina kumangira zigafa za fodya, ina kuwotchera njerwa, mpaka kutola nkhuni kunasanduka ulendo wa tsiku lathunthu. Kenaka chigwembe chinayamba kudya munda wawo kuchokera kumunsi, chaka chilichonse mizere iwiri kapena itatu. Mbande zogula anadzalapo kawiri, koma chiswe ndi mbuzi zinagawana. Ndiye tsiku lina akusosa, khasu lili m'mwamba kuti adule mphukira pachitsa cha chitimbe, anangoima. Chitsachi anakhala akulimbana nacho zaka khumi, icho osatopa kuphuka. Nanga ankavutikiranji ndi mbande, mtengo wofuna kukula uli pomwepo?

Kuyambira tsikulo, chitsa chilichonse ankachisiyira mphukira ziwiri zowongoka, zinazo n'kusadza. Patatha zaka zisanu mitengo inapitirira msinkhu wa munthu: chitimbe, mpoza, mthethe, muwanga. Chigwembe chinaleka kukwera. Koma kwa anthu, munda wa zitsa ndi munda wa mlesi basi.

Mu Okutobala chaka chatha anaterereka pamwala n'kuthyoka mwendo, ndipo anagona m'chipatala pa Boma masabata atatu. Amayi a Chigwirizano a kumpingo kwawo, anthu abwino mtima ndithu, anapangana zowasosera munda mvula isanagwe. Anapita ndi makasu, zikwanje ndi nyimbo. Kusosa kwake, abale inu! Theka la kumunsi analisiya mbee, mitengo yonse pansi, ataiunjika bwinobwino.

Mayi Faines anazimva atafika pakhomo, kwa amuna awo a Elifala, amene amakonza njinga pa Malomo.

"Inuyo munali kuti?"

"Ndikanawaletsa bwanji anthu akuimba nyimbo za Mulungu?" anatero a Elifala akuyang'ana pansi. "Akuti abweranso Loweruka kudzamaliza kumtunda."

Analira mayi Faines, kulira kwenikweni. Thandizo la Chigwirizano amakana ndani? Ndi amayi omwewa amene ankawapititsira phala kuchipatala ndi kuwachapira zovala. Koma kumtundako kunatsala mitengo makumi anayi, ndipo ikagwa imeneyo, munda wonse utsikira kumtsinje.

Loweruka m'mawa anakwera pakaliyala, mwendo wa m'chikhakha uli tasa, a Elifala akukankha njinga uku akudandaula njira yonse. Anawatsitsa pamalire pomwe chikwanje chinalekezera. Mayi Faines anakhala pachitsa, ndodo pamiyendo, kudikira.

Amayiwo anatulukira akuimba, patsogolo pali mayi Lenia, mtsogoleri wawo.

"Aa! Odwala kumunda?" anatero mayi Lenia. "Kagoneni, mayi, timaliza tokha."

"Zikomo amayi nonse. Munandidyetsa, munandichapira, sindidzaiwala. Koma apa chikwanje sichidutsa."

Nyimbo inazima.

"Chifukwa cha tchireli?"

"Si tchire ayi. Ndinailera ndekha mitengo imeneyi, umodziumodzi. Ndi imene yagwira dothi la mundawu. Ndi nkhuni zanga, ndi manyowa anga."

Kumbuyo wina ananong'ona kuti anthu ena kusayamika. Mayi Faines anamva, ndipo zinawabaya mtima. Mayi Lenia anayang'ana mulu wa mitengo yofota uja, kenaka anayang'ana mayi Faines.

"Ndiye mukuti tawononga?"

Kunali kosavuta kunena kuti ayi, palibe kanthu. Aliyense ankayembekeza yankho limenelo, ngakhale a Elifala, amene anali atayamba kale kuwatsinzinira diso.

"Mwawononga, amayi. Zaka zisanu mwazigwetsa m'mawa umodzi. Ndikakunamizani lero, chaka chamawa mudzabweranso ndi zikwanje."

Asanu ndi mmodzi anaika makasu paphewa n'kumapita osatsanzika. Mayi Lenia anatsala, ndi ena awiri. Anasosa kumtundako mwakachetechete, akuzungulira mtengo uliwonse, mwini munda akulozera ndi ndodo. Pomaliza mayi Lenia anafunsa chapansipansi kuti mphukira yosiya amaidziwa bwanji, poti kwawonso zitsa zilipo.

Mitengo makumi anayi ija ikadalipo. Amayi atatu mwa ochoka aja mpaka lero akamapereka moni kutchalitchi amawalumpha mayi Faines. Ndipo mvula itabwera, chigwembe chinadzuka n'kumeza mizere inayi yakumunsi ndi chimanga chomwe.

Itangokata mvulayo, a Elifala anawapeza akazi awo kumunsi komweko akutsimphina chitsa ndi chitsa, kampeni m'manja, akusankha mphukira.

"Amayi, zaka zina zisanu?"

Mayi Faines sanadzutse n'komwe mutu.

"Nanga ndikupita kuti?"