Mzere Wachitatu

Mahedifoni aja anali othyoka pakati, ndipo aphunzitsi anawamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ukawavala mphirawo unkakukoka tsitsi, khutu lakumanzere n'kumatentha chifukwa siponji yake inatha kalekale. Ankanunkha thukuta la anthu ena. Koma chilimwe chimenecho panalibe mwana pa Chiringa amene sankalakalaka kuwavala ngakhale kamodzi kokha, ndipo mwana amene anawavala ndinali ine. Ndinene mosabisa, ndinkayenda ngati msika wonse ndi wa bambo anga.

Zipani zinali zitangochuluka kumene, ndipo aliyense wokhala ndi pakamwa ankaona ngati wailesi ikudikira iyeyo. Malume, alongo awo a amayi, ankakonza njinga pamsika, koma mtima wawo unali pa bandi. Bandiyo musaiganizire patali: banjo ya chitini cha mafuta, babatoni wa chikopa cha ng'ombe, ndi ng'oma zokhala ndi zitsekerero za mabotolo pawaya. Anyamata oimba nawo ankabwera akaweruka kumunda, makoko a nandolo ali m'tsitsi. Chuma chenicheni cha bandiyo anali amayi. Akayambitsa nyimbo ya Chilomwe, azimayi ochokera kumjigo ankaima panjira ndowa zili pamutu, madzi akuwadonthera m'khosi.

Chaka chimenecho amayi ankadwala. Anthu onse ankadziwa kumene matendawo ankalowera, kupatula ine, kamtsikana ka kupulayimale. Ndinkangoona kuti chitenje chayamba kuwazungulira kawiri, ndiponso kuti akaimba pang'ono ankafunafuna pokhala. Malume ankalimbikira kuti mawu a amayi alowe m'kaseti mvula isanagwe. Ankati vuto ndi denga la malata la kusukulu, loti mvula ikayamba simungamve ngakhale ng'oma. Sankanama, koma sanali kuthamangitsana ndi mvula yokha.

Makina ojambulira anali a aphunzitsi athu, bambo wamtali wa ku Rumphi amene boma linamutumiza kwathu. Anawagula ogwiritsidwa kale ntchito kwa m'bale wawo wobwera ku Joni. Kukula kwake ngati thireyi ya tiyi, mabatani mbwee, ena atafufutika zilembo. Ankayendera batire ya galimoto imene malume ankakatchajitsa ku Migowi pa njinga, n'kubwerako thalauza litabooka ndi asidi. Tsiku loyamba aphunzitsi anatifotokozera kuti m'makinawo kaseti imakhala ngati munda wa mizere inayi. Mzere uliwonse umabzalamo mawu ake pa tsiku lake, ndipo pomaliza umakolola zonse pamodzi n'kuthira m'kaseti ina, yomwe ndiyo imamveka m'wailesi wamba. Malume anagwedeza mutu mwamphamvu, monga amachitira munthu amene wamva chiyambi chokha.

Tinkajambula Loweruka masana m'kalasi, mawindo titatseka ndi masaka. Kutentha kwake, choko chinkamatirira pankhope. Tinkayamba tadikira kuti chigayo chapamsika chizime, ndipo chikazima ndiye mbuzi imayamba. Zoimbira zonse zinalowa mumzere woyamba. Mumzere wachiwiri malume anaikamo mawu awo oyankha. Wachitatu unali wa amayi, ndipo wachinayi malume anausungira banjo yawo yokometsera, poti munthu sangasenze batire mtunda wonse uja n'kumveka kamodzi kokha.

Amayi anabwera pakaliyala ya njinga ya malume, atagwira chishalo ndi manja onse. Anakhala padesiki ya mwana, maikolofoni itamangidwa ku mtengo wa tsache. Nyimbo yake inali imene makolo athu anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki, ya mayi woitana ana ake amene atsalira tsidya la mtsinje. Mayiyo amaitana, anawo amayankha, basi, mpaka mapeto. Amayi ankaimba chidutswachidutswa. Chifuwa chikawagwira, aphunzitsi ankabweza tepi, maso ali pa kasingano kogwedera ka pamakinawo. Mpaka lero sindinamvenso munthu akuimba motero, mawu ochepa koma osapinda paliponse. Ndimawasowa, ndipo kukula sikunachepetseko.

Atamvetsera zimene zinajambulidwa, amayi anaseka mpaka misozi. Anati ana oyankha ngati achule a m'dambo, mayi aliyense akhoza kuwasiya konko kutsidyako. Analamula kuti mawu a malume afufutidwe, pamzere wawopo palowe ine. Malume anadandaula kuti kwawo mneneri salemekezeka, koma batani lofufutira anadina okha.

Ine ndinkayesa tidzaimba limodzi ngati posinja, pamene amayi ankandikodola ndi diso nthawi yanga yolowa ikakwana. Loweruka lotsatira anabweradi, koma anakana kulowa m'kalasi. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango, nsana atatsamira tsinde. Aphunzitsi anandiveka mahedifoni, ng'oma zinayamba, kenaka amayi anapuma m'khutu mwanga mwenimweni n'kuyamba kuitana. Ndinacheuka kuyang'ana kukhomo. Kunalibe munthu. Malo anga olowera anandipitirira, ndipo anandipitiriranso, mpaka anyamata a bandi anayamba kuyang'ana kudenga. Ndinavula mahedifoni ndi kuthamangira kumtengo kuja ndikulira, ndikuwapempha kuti angoima pakhomo pokha ndiziwaona.

“Mwanaka,” anatero m'Chilomwe, “usamadikire diso langa. Nyimbo uli nayo m'mimba. Nthawi yako ikakwana, lowa.”

Sanadzuke. Ndinabwerera m'kalasi nditatupa ndi mkwiyo, ndikuti mumtima amayi awa ndi ouma mtima kuposa ahedi. Ndinatseka maso, ndipo mkwiyo womwewo unandigwira dzanja. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditayankha nyimbo yonse osaphonya.

Kukolola kuja sikunachitike. Pakati pa sabata aphunzitsi anauzidwa kuti asamutsidwa, ndipo lole inabwera iwo asanamalize n'komwe kumanga katundu. Pokwera anapatsa malume kaseti ija, nawauza kuti aisunge bwino, adzabwera ndi makina patchuthi adzamalize. Malume, m'phokoso la injini ndi chimwemwe chogwira kaseti m'manja, anaona kuti kumalizako ndi zokometsera chabe za anthu ophunzira. Kaseti ndi kaseti. Aphunzitsi sanabwerenso, ndipo sindiwaimba mlandu. Ku Rumphi si kuseri kwa Michesi.

Mvula yoyamba inagwa masiku omwewo. Fungo la dothi lili tolo, malume anabwereka wailesi ya kaseti kwa mnzawo wa golosale n'kubwera nayo kunyumba ataifunditsa jekete. Amayi anali atagona pamphasa pafupi ndi khomo, poti masiku amenewo sankatulukanso. Kaseti inalowa. Ng'oma zinamveka, babatoni anagunda. Pamalo poti amayi aitane panangomveka ng'oma zokhazokha. Kenaka mawu anga, akuthwa ngati a kamwana ka mbuzi, anayankha. Ng'oma zokha. Ine kuyankha. Nyimbo yonse inayenda choncho, mwana akuyankha munthu amene sakumveka.

Ndinadzamvetsa nditakula kuti wailesi wamba imawerenga mizere iwiri yoyamba yokha. Iwiri inayo imagwera kuseri kwa kaseti, ndipo ukaitembenuza imayenda chobwerera. Amayi analimo ndithu, koma mawu awo akumezeka chammbuyo, osatolekamo liwu ngakhale limodzi. Nditayamba ntchito ku Limbe ndinazungulira nayo kasetiyo kwa okonza mawailesi ndi kwa anyamata ojambula nyimbo pakompyuta. Ena ankaiseka, ena ankalonjeza kufunsa anzawo. Pamene ndinapeza munthu wodziwa makina otere, tepi inali itamatirirana ndi chinyezi cha zaka zonsezo, ndipo inaduka m'manja mwake.

Koma tsiku lamvula lija zonsezi zinali kutali. Ine ndinali kudumphadumpha, ndikuuza aliyense kuti ndikumveka ndekha bwinobwino, popanda wondiphimba. Malume nkhope inagwa. Anatambasula dzanja kuti azimitse, akung'ung'udza kuti mawu a alongo awo apita kuti.

“Isiyeni, achimwene,” anatero amayi ali chigonere. “Tamverani. Akulowa pa nthawi yake.”

Anamvetsera mpaka kumapeto maso ali otseka, chala chikugunda mphasa, ndipo ndikayankha ankagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene katundu wake wafika. Ine ndinkayesa akuyamikira kukoma kwa mawu anga. Ndinawafunsa ngati sakudandaula kuti iwo sakumveka, ndipo anangondisisita m'mutu. Ndinapempha malume kuti aibweze tiimvenso, ndipo ndinadabwa kuona munthu wamkulu, wodziwa kumasula njinga yonse n'kuimanganso, akulephera kupeza batani limene chala chawo chinali pomwepo.