Mayi Liao ndi Pulogalamu Yopanda Mwini

Aliyense amene anaitanapo takisi mumzinda wa Chiayi, kummwera kwa Taipei, pa lamya ya m'nyumba amawadziwa mawu a Mayi Liao Hsiu-chin, ngakhale nkhope yawo sanaione. Ankakhala m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala, kuseri kwa msika, kuyankha lamya za bungwe la madalaivala a matakisi. Achinyamata anasiya kalekale kuimba, amangodina pafoni galimoto n'kufika. Otsala anali okalamba: opita kukachisi, opita kumsika, ndi aja odwala impso amene amayenera kufika kuchipatala m'mawa kuti makina akawasefere magazi. Amenewa akaimba sankatchula n'komwe kumene ali. Ankangowatchula dzina lawo lachidule n'kuti, "A-chin, ndine," basi.

Chimene chinkawathandiza Mayi Liao chinali kakompyuta kakuda ka pansi pa tebulo. Lamya ikalira, kankaonetsa dzina la woimbayo, khomo lake, ndi dalaivala amene ali pafupi. Pulogalamu yake inali ija yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka, imene aliyense angaitenge pa intaneti. Mbali yogwirizana ndi mawaya akale ngati a kuno anailemba ndi a Pan Kuo-tung, amene anali patsogolo pa Mayi Liao kusekondale, ndipo ndiwo ankaisamalira. Mayi Liao anaphunzira kukazimitsa n'kukayatsanso, kukapukuta fumbi, ndi kuikapo pamwamba paketi yobiriwira ya tokhwasula, monga amachitira onse osunga makina pofuna kuti makinawo azimvera. Yachikasu ayi, imeneyo imaitana mavuto. Paketi ikayandikira kutha ntchito ankagula ina, ndipo dalaivala woyerekeza kuitsegula akanaona zakuda.

Chaka chatha kampani ya lamya inalengeza kuti ichotsa mawaya akale m'dera lawo. Wapampando wa bungwe, a Tseng, anakwera masitepe akupumira m'mwamba.

"Achemwali, kabokosi kanuka kapirira mawaya atsopano? Ku Taipei kuli kampani ikuti tiipatse ntchito yonse, makina awo aziyankha okha."

"Aziyankha okha? Ndiye Agogo Hsu akati 'ndine', makinawo aziti ndinu yani?"

"Musandiseke, ine ndangofunsa. Fufuzani ngati pulogalamuyi ikadali ndi oisamalira. Mukati ili bwino, tikhala nayo. Mukati yafa, tigula za ku Taipei, koma mukudziwa kuti zikatero tebulo lanuli lichoka."

Mayi Liao anachita zimene aliyense wa kuno akanachita. Sanayambe n'kufufuza mwamseri ngati akukayikira munthu. Anaitana a Pan kukadya mpunga wa nkhukundembo, nawalipirira, nadikira kuti amalize mbale yoyamba asanafunse.

"Achimwene, kamwana kanu kaja ka m'kompyuta kakupumabe?"

A Pan anaseka mpaka kutsamwa. "A-chin, iwe nkhawa zikukalambitsa msanga. Taona." Anatulutsa foni n'kutsegula tsamba la mbali yawo ija ya pulogalamuyo. Panali timabokosi tobiriwira titandandalika, mlungu uliwonse kake. "Kabokosi kalikonse ndi ntchito imene yachitika. Chinthu chakufa chimaoneka chonchi?"

"Nanga mawaya atsopanowa?"

"Tiona, tiona. Idya, mpunga ukuzizira."

Tionayo Mayi Liao anamumva, ndipo sanamukonde. Koma munthu amene anali mkulu wako kusukulu sumufunsa nkhani imodzi kawiri, pa anthu, iwe uli womugulira chakudya. N'chimodzimodzi kumuuza kuti akunama. Komanso zobiriwirazo anaziona ndi maso awo, ndipo mtima wawo unkafuna kuti zikhale zoona. Pamsonkhano wa madalaivala anaimirira n'kunena kuti afufuza, pulogalamu ili ndi eni ake. Dalaivala wina wanthabwala, a Kang, anakweza dzanja.

"Achemwali, mwafunsa a Pan kapena mwafunsa paketi ija?"

"Paketi ili ndi nzeru kuposa inu, a Kang. Sinasocherepo popita kusiteshoni."

Onse anaseka, n'kugwirizana kuti akhale nayo.

Mawaya anasinthidwa Lolemba lina m'nyengo yozizira. Lamya inkalira, Mayi Liao n'kunyamula, koma mbali inayo kunali zii. Woimbayo ankawamva akuti halo, halo, iwo osamva kanthu, kenako n'kuduka. Anazimitsa, anayatsa. Anaimbira a Pan, foni inangoitana. Chakumasana kunabwera mwana wamkazi wa Agogo Hsu. Anati bambo ake anadikira pakhomo atavala kale chipewa mpaka nthawi yawo ya kuchipatala inadutsa, ndipo anachita kuwanyamula pa njinga yamoto miyendo itatupa. Sanakalipe. Anangopempha nambala ya kampani ina ya matakisi, ndipo Mayi Liao anamulembera.

Mwanayo atachoka, Mayi Liao anatsegula okha tsamba lija. Pansi pa timabokosi panali malo amene anthu amalembapo mavuto awo, malo amene iwo anali asanalowemo chiyambire. Madandaulo anali mbwee. Wina wa ku Penang, wina wa ku Busan, mwini kahotela wa ku Hualien, onse akulira vuto lomweli la mawu osamveka pa mawaya atsopano. Palibe amene anayankhidwa. Yankho lomaliza la a Pan linali la zaka ziwiri zapitazo. Wa ku Penang uja anabweranso n'kungofunsa kuti, "Kuno kuli munthu?"

Kenako anayamba kutsegula timabokosi tobiriwira, kamodzikamodzi. Tonse tinali tofanana. Kapulogalamu kena kodziyendera kokha kankasintha deti pa fayilo imodzi mlungu uliwonse, basi. Dzanja la munthu panalibe.

Bungwe linasainirana ndi kampani ya ku Taipei mlungu womwewo, mothamanga. Paphwando lotsekera chaka, lija mabwana amadyetsa antchito Chaka Chatsopano chisanafike, Mayi Liao anapeza a Pan atakhala pambali pa a Tseng, atavala jekete yokhala ndi chizindikiro cha kampaniyo pachifuwa. Anali atayamba ntchito kumeneko kalekale, ndipo ndiwo ankasaka makasitomala a kummwera kuno. A Pan atatuluka kukasuta, Mayi Liao anawatsatira.

"Achimwene, tsiku lija tinkadya mpunga, jeketeyi munaisiya m'galimoto?"

"A-chin, usandiyalutse pano."

"Ndikufunsa mwaulemu."

"Zaka zonse zija ndinkakonza chinthu chija wopanda wondithokoza. Anthu ankangolemba kuti chawonongeka, konzani msanga, ngati ndine wantchito wawo. Ndinatopa. Umafuna ndinene pamaso pako kuti ndinachitaya? Iwe amene unkandipatsa ulemu chonchija?"

"Mukananena, ndikanakwiya mlungu umodzi n'kuiwala. Kapena mukanangolemba mzere umodzi patsamba paja."

"Ndilembe kuti ndalephera, dziko lonse liwerenge?" A Pan anaponya ndudu pansi. "Nawenso sunkafuna kumva. Ukanafunsa kachiwiri."

Mawu amenewo anawalasa Mayi Liao chifukwa munali choonadi pang'ono. Koma pang'ono pokha. A Pan ankadziwa bwino kuti sadzafunsidwa kachiwiri, ndipo n'zimene anadalira.

M'kati nkhuku yathunthu inali itafika patebulo lozungulira. Mwambo wake ngwakuti amene mutu wa nkhuku wamuloza ndiye kuti achotsedwa ntchito. Masiku ano mabwana ambiri amauza ophika kuti achotse mutu, kapena amaulozetsa kwa iwo eni, kuopa kuti wina angaganize kuti ntchito yamuthera. A Tseng sanatero. Anazungulitsa tebulo pang'onopang'ono, maso ali kumbali, mpaka mlomo wa nkhuku unaima moyang'ana Mayi Liao. Madalaivala anaweramira m'mbale zawo.

"Ndamva, a wapampando," anatero Mayi Liao. "Simunafunikire kuvutitsa nkhuku."

Tsiku lomaliza, asanazimitse kakompyuta kaja, analowanso patsamba lija. Pansi pa funso la munthu wa ku Penang analemba kuti: "Kuno kulibe munthu. Zobiriwirazo akupanga ndi makina. Woisamalira anapita kukagwira ntchito kwina. Musaidalire." Dzina la a Pan sanalitchule. Ankaganizira munthu wina kutali, mwina pakachipatala kapena pakasukulu, amene angaone timabokosi tija n'kukhulupirira monga anachitira iwo.

Tsopano Mayi Liao amathandiza mlamu wawo kugulitsa chakudya cham'mawa pafupi ndi siteshoni. Manja amene ankanyamula lamya akukazinga mazira. Palibe nyuzipepala imene ingalembe za iwo, koma nkhaniyi njoyenera kudziwika. Mlungu utatha chilembere uthenga uja, anatsegula tsambalo pafoni kuti aone ngati wina wayankha. Uthengawo panalibe. Unali utafufutidwa, ndipo amene ali ndi mphamvu yofufuta zinthu patsamba limenelo ndi munthu mmodzi yekha, woisamalira uja.