A Sizasi ndi Mayina Oyesera pa Galu

A Sizasi anali wometa, ndipo kumeta ankakudziwa. Ulemu umenewo palibe angawalande. Kachipinda kawo kanali pakati pa butchala ndi wosoka nsapato. Munali mpando wozungulira umene unaleka kuzungulira kalekale, benchi ya odikira, kalilole wong'aluka pakona, botolo la sipiriti, ndi wailesi yomangidwa ndi mphira pamwamba pa shelefu. Ukakhala pampandopo unkadzuka ukuwala ngati mkwati. Koma tsoka kwa wofika nthawi ya sewero la pa wailesi! Makina ankazima mutu uli theka, ndipo munthu unkakhala choncho, uku dazi uku tchire, kudikira kuti mfumukazi ya m’seweromo imalize kulira.

Masewero amenewa ndiwo anawalowetsa matenda a mayina. Mayina a anthu a mumsewu mwawo ankawanyansa. “Dzina lanji loti ukaliitana pa sukulu theka la kalasi n’kutembenuka?” ankatero, lumo lili pakhosi pa munthu amene sakanayerekeza kutsutsa. Ngakhale dzina lawo lenileni, limene anawapatsa mayi awo, ankati n’losakoma ngati madzi ofunda. Analikwirira ali mnyamata, n’kulola anthu aziwatcha a Sizasi. Akazi awo ankangoti “abambo”, basi nkhani n’kutha.

Mwana woyamba atabadwa, pa wailesi panali sewero la woyendetsa chombo wina wolimba mtima, wopulumutsa amasiye, dzina lake Valimonto.

“Abambo, lilime langa lomweli likatchule zimenezo?” anafunsa mayiwo ali chigonere.

“Liphunzira, mayi. Lilime lilibe fupa.”

“Bwanji osadikira seweroli lithe?”

“Mwamuna weniweni amaoneka pa chiyambi pomwe.”

Akuluakulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mwana asanayambe n’kukhala komwe, Valimonto wa pa wailesi anathira mkulu wake chiphe m’chakumwa, n’kugulitsa nyumba ya amasiye aja, ndipo sewero linatha akumupachika. Msewu wonse unamvera. Kutacha wabutchala anasuzumira pakhomo akupukuta manja pa epuloni.

“Akulu, apolisi sanafike kwanu? Tamva zimene wachita mwana wanu. Pa msinkhu umenewo, ndithu ali ndi tsogolo.”

Mnyamatayo anakula bwinobwino, wofatsa ngati nkhosa, koma ku sukulu akanyema buledi kuti agawire anzake, ankamuuza kuti ayambe waluma yekha. Atangopeza ntchito anasamukira kutali, kumene mpaka lero amadziwika ndi chilembo choyamba chokha.

Munthu wina akanaleka. Koma a Sizasi sanali munthu woti tsoka limudutse osaphunzirapo kanthu, ndipo chimene anaphunzira n’chakuti dzinalo linalibe mlandu, cholakwa chinali phuma. Kodi lumo latsopano salikanda kaye pa cheya cha pamkono asanaliike pa chibwano cha munthu? Chomwechonso dzina: liyambe layesedwa. Akazi awo ataimanso, iwo anabwera ndi kagalu kakakazi m’katoni, n’kukatcha Peridoniya, dzina la mfumukazi ya m’sewero latsopano. Lamulo linali lakuti mfumukazi ikafika kumapeto osaipitsa mbiri, galunso akapanda kuba kapena kuluma munthu, ndiye kuti dzina lakhoza mayeso, mwana akhoza kulandira.

Mfumukazi inamaliza bwino, inafa ikukhululukira adani ake. Galu naye anadzisunga. Kunabadwa mwana wamkazi, ndipo a Sizasi anamupatsa dzina lija monyadira ngati akumuveka mkanda wagolide. Chimodzi chokha anaiwala katswiri wathuyu: galu sumuvula dzina ngati malaya. Ndipo galu ameneyo anakana kufa.

Mayi akaima pakhomo n’kuitana kuti, “Peridoniya, dzadye!” woyamba kufika anali wa miyendo inayi. Mayi woyandikana nawo akabwera atagwira m’chiuno kuti, “Peridoniya wanu waipitsanso pakhonde panga,” mayi a mwanayo ankafunsa mofatsa kuti, “Uti, anzanga?” Anthu anachita kuwasiyanitsa: Peri wa mchira ndi Peri wa diresi. Choŵaŵa kwambiri chinadza mtsikana uja atayamba kusinkhuka. Galu anaswa ana kuseri kwa nyumba, ndipo wabutchala, uku akudula nyama, anauza mzere wonse wa ogula kuti Peridoniya wa a Sizasi wabereka usiku, bambo wake sakudziwika. Pofika masana amayi achifundo anali atadzaza pabalaza kudzapepesa, maso ali mwazumwazu kufunafuna khanda. Atawaonetsa tiagalu anabwerera okhumudwa ndithu, ngati awamana chakudya.

A Sizasi anaseka mpaka kutsokomola. Mtsikanayo sanalire pamaso pa anthu. Anangotenga mabuku ake n’kulowa kuchipinda, ndipo nkhaniyo anaisunga mumtima monga mmene amasungira singano m’mpendero wa nsalu.

Zaka zinapita. Peri wa diresi anakhala namwino, n’kukwatiwa ndi dalaivala wa basi, mnyamata wosalankhulalankhula. A Sizasi nawo imvi zinawagwira. Dzanja linayamba kunjenjemera, achinyamata anathawira kwa ometa atsopano odziwa kujambula mizere m’mutu, ndipo pabenchi panatsala nkhalamba zokhazokha zofuna macheza kuposa kumeta. Chimene chinawatsalira pa dziko lino chinali chimodzi: kutcha dzina mdzukulu wawo woyamba. Atamva kuti mwana wawo ndi woyembekezera, sanagone tulo. Mphaka wa pashopu anasanduka Gonzaveto, tambala wa kunyumba anakhala Alimandiro. Tambalayo analephera msanga, anajompha mwana wa eni ake. Mphaka anapirira, ndipo benchi yonse inauzidwa, kawirikawirinso, kuti mdzukulu akubwerayo ndi Gonzaveto.

Kunabadwa mwana wamwamuna. A Sizasi anavala jekete la paukwati, lonunkha mankhwala a njenjete, n’kutsagana ndi akazi awo kukaona khanda. Analiyangata, n’kukonza kukhosi ngati wolengeza pa wailesi.

“Musavutike, bambo,” anatero Peri ali pasofa. “Dzina tasankha kale.”

“Mwasankha? Inu? Mwaliyesa pa chiyani?”

“Tikufuna atenge lanu.”

“Sizasi?”

“Ayi. Lenileni lija. Limene anakupatsani agogo.”

Linali dzina limene mkuluyo analinyoza moyo wake wonse. Anayang’ana kankhope ka khandalo, maso n’kuyamba kulengeza misozi, ndipo Gonzaveto anaiwalika pomwepo ngati loto la dzulo.

“Koma lamulo ndi lamulo,” anapitiriza Peri. “Munatiphunzitsa nokha. Bambo a mwana, tabweretsani katoni ija.”

Mkamwini analowa atanyamula katoni, maso ali pansi. M’katimo munali kagalu konyansa kuposa tonse timene tinabadwapo: mimba ngati mpira, khutu limodzi chilili lina lofooka, nthata zikuchita msonkhano pamsana. Peri anawerama n’kuitana dzina lija, momveka bwino, monga ankaliitanira mayi awo a Sizasi madzulo akachedwa kosewera. Chimwalirire mayiwo palibe analitchulapo. Mkuluyo anatembenuka asanaganize n’komwe. Kagalu nako kanagwedeza mchira.

“Mwaona? Nonse mwalikonda,” anatero Peri. “Akapanda kuba kapena kuluma munthu mpaka mwanayu atamera dzino, dzina lakhoza. Akalephera, timupatsa la asewere anu.”

Asewere awo, bambo a mkamwiniyo, anali mkulu wonyada amene ankameta kwa achinyamata aja. A Sizasi anayang’ana akazi awo kuti awathandize, koma mayiwo anali otanganidwa zedi ndi kupinda matewera.

“Galuyu mupite naye,” anamaliza Peri, “kuopa mungadzati tinabera mayeso.”

Palibe mwana wa mfumu amene analeredwa ngati kagalu kameneko. A Sizasi ankakasambitsa ndi sopo wonunkhira wa makasitomala, kukapesa ndi chipeso chatsopano, kukamangirira kumwendo kwa mpando n’kumakalalikira za kuipa kwa kuba. Wailesi inazimitsidwa, pakuti maso ndi makutu zonse zinali pa galu. Kwa nthawi yoyamba anthu anayamba kutuluka m’kachipindamo mitu yawo itametedwa mbali zonse. Koma amene anaika shopu ya wometa pafupi ndi butchala sanaganizire za mayeso a mayina. Fungo la nyama linkalowa pakhomo tsiku lonse, kagalu n’kumalira ngati kamasiye.

Wabutchala, amene anadikira mwayi wotere moyo wake wonse, analidziwa dzinalo tsiku loyamba lomwe. Ankaima pakhomo n’kulifuula msewu wonse kumva, a Sizasi akadzutsa mutu iye n’kuti, “Osati inu, akulu. Ndikunena waulemuyo.” Wosoka nsapato anafika m’maŵa wina atanyamula nsapato yotafunidwa chidendene, n’kufunsa kuti mwa awiri a dzina limodziwo wamano akuthwa ndi uti. Ana opita ku sukulu ankaliimba mluzu. Mkuluyo ankangosesa tsitsi pamalo posesa kale. Madzulo ankadzera kwa mwana wake, ati kudzaona mdzukulu, koma chala chinkathamangira ku nkhama za khandalo.

“Silinatuluke? Ana a masiku ano ulesi. Iwe unamera mano usanathe n’komwe kuseka.”

“Kuona maso a nkhono n’kudekha, bambo.”

Tsiku lina masana Peri anafika kushopu atabereka mwana, kudzaonetsa agogo ake kuti nkhama yatupa, kadzino kayamba kuyera pansi pake. A Sizasi anasiya kasitomala thovu lili kumaso, n’kuvala magalasi kuti aone bwino. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Pamene onse anaweramira m’kamwa mwa khanda, galu anapulula chingwe. Kunja kunamveka mfuu, ndipo posakhalitsa anabwerera ngati mphepo, chiwindi chathunthu chili kukamwa, n’kukabisala pansi pa mpando. Pambuyo pake panali wabutchala, thukuta lili kamukamu koma nkhope ili ndi chimwemwe chosabisika.

“Wakuba! Lero ndamugwira ndi maso angawa! Anamwino, mwakhoza kubwera, muchitire umboni.”

A Sizasi anaima pakati pa wabutchala ndi mpando, chipeso chili m’manja ngati chida.

“Sanabe. Ndamutuma ine.”

“Mwamutuma?”

“Adokotala anati ndizidya chiwindi. Magazi achepa.”

“Oho! Ndiye mwatuma mnzanu wa dzina. Idyanitu, akulu, tione magazi akubwerera.”

Mkuluyo anagwada movutikira, n’kulanda galu chotsala cha chiwindi chija, chili tsitsi lokhalokha la anthu a mumsewu wonse. Anachikulunga m’nyuzipepala mwaulemu wonse n’kuti, “Ndikakazinga kunyumba.” Kasitomala wa thovu uja anaseka mpaka thovu kulowa m’mphuno. Peri anaseka mpaka kukhala pansi pabenchi, misozi ili chuchuchu, mwana naye n’kuyamba kulira.

Wabutchala atatuluka kukafalitsa uthenga, a Sizasi anakhala pambali pa mwana wawo. Anayang’ana galu, amene ankanyambita milomo popanda chisoni chilichonse.

“Walephera,” anatero ndi mawu aang’ono amene Peri anali asanawamvepo. “Kampatseni la asewere.” Anatembenuza kaphukusi ka nyuzipepala kaja. “Kodi unkamva chonchi, mwana wanga? Zaka zonse zija?”

“Ine zinkaposa apa, bambo. Galuyu ali ndi loya. Ine loya wanga ankaseka mpaka kutsokomola.”

Peri anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, n’kumasula mwana kumsana, n’kumuika pamiyendo pa agogo ake.

“Mnyamuleni mnzanu wa dzina. Ali nalo chibadwire. Ife kunyumba timamuitana lomwelo, inu mukangotuluka pakhomo.”

“Nanga mayi ako ankadziwa?”

“Katoni ija anapeza ndi iwowo.”

A Sizasi anafuna kukwiya, koma khanda linali litagwira kale chala chawo n’kuchiika m’kamwa, ndipo kadzino kaja kanawabaya. “Waluma munthu,” anatero. “Nayenso walephera.” Koma sanachotse chalacho.

Galuyo, monga mwa mwambo wa agalu a pabanjapo, anakana kufa, ndipo kuba sanasiye. Mdzukulu anakula akuseŵera pansi pa mpando wosazungulira uja, akumwaza tsitsi limene agogo ake asesa. Loweruka onse ankadyera kwa agogo. Chakudya chikapsa, akazi awo a Sizasi ankaima pakhomo la khitchini n’kuitana dzina lija kamodzi kokha, mokweza, ngati akubweza ngongole ya zaka zonse zimene lilime lawo linazunzika. Ankadzuka atatu. Galu ankafika poyamba, mwana pambuyo pake, ndipo a Sizasi ankafika pomalizira, atagwira bondo, akudandaula kuti m’nyumba muno dzina la munthu alisandutsa belu.